Shortcode ya mitengo yasowa theme itangopanga update, ndithandizeni

wa_ku_Chilomoni
Lachiwiri, 9:40 usiku

Akuluakulu, moni nonse. Vuto ili landisowetsa tulo kuyambira Loweruka, ndiye ndifotokoza zonse kuti musavutike kundifunsa kawirikawiri.

Azakhali anga amaphika pa maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano. Khitchini yawo ili kuseri kwa nyumba kuno ku Chilomoni, koma mapoto awo afika ku Bangwe, ku Machinjiri, mpaka ku Lunzu. Ine ndinawapangira tsamba la pa intaneti pa WordPress, ndipo ndimaliyang'anira madzulo ndikaweruka kuntchito ku Ginnery Corner. Theme, yomwe imapatsa tsamba maonekedwe ake, ndi yaulere, ndinaitenga m'kati mwa WordPress momwemo.

Kwacha itachepetsedwa mphamvu mu November 2023, mafuta ophikira, mpunga ndi nkhuku zinayamba kukwera mosadikira, ndipo azakhali ankasintha mtengo wa mbale pafupifupi mwezi ndi mwezi. Mtengowo unalembedwa pa masamba asanu. Tsiku lina ndinasintha anayi, lachisanu ndinaiwala. Mayi wina wa mu komiti ya ukwati anafika pakhomo foni ili m'manja, akuloza mtengo wakale. Azakhali anaphika pa mtengo womwewo kuti mbiri yawo isaipe, koma ndalama analuza, ndipo ine zinandipweteka kwambiri. Ndi chifukwa chake ndinalemba shortcode, kuti mitengo izikhala malo amodzi. Pa tsamba ndimangolemba [mitengo mwambo="ukwati"], tebulo la zakudya ndi mitengo yake n'kutuluka lokha. Code ndinaiika mu fayilo ya functions.php ya theme, ndipo mafupa ake ndi awa:

function onetsa_mitengo( $atts ) {
$a = shortcode_atts( array( 'mwambo' => 'ukwati' ), $atts );
echo '<table>';
foreach ( $mitengo[ $a['mwambo'] ] as $chakudya => $mtengo ) {
echo '<tr><td>' . $chakudya . '</td><td>K' . $mtengo . '</td></tr>';
}
echo '</table>';
}
add_shortcode( 'mitengo', 'onetsa_mitengo' );

Mndandanda wa mitengo ndauchotsa pano kuti ndisatalikitse, koma uli m'kati mwa function momwemo.

Loweruka m'mawa azakhali anandiimbira ali pa msika wa Limbe akugula anyezi, akuti kasitomala wawauza kuti pa tsamba palibe mitengo, pali zilembo za m'mabulaketi zokhazokha. Nditatsegula ndinapeza ndi zoona, pamene pamakhala tebulo pangolembedwa [mitengo mwambo="ukwati"] monga mmene ndinalembera. Mu functions.php code yanga munalibe, ngakhale mzere umodzi. Palibe wina amene ali ndi pasiwedi ya admin kupatula ine ndi mwana wawo wamkazi, ndipo iye fayilo imeneyi saidziwa n'komwe.

Mwamwayi ndinali nayo pa fulashi, ndaibwezera. Koma tsopano pali zina. Tebulo likutuluka pamwamba pa mawu a moni ndi chithunzi cha azakhali, pomwe ine shortcode ndaiika pansi pa zonsezo. Ndikadina Update kuti ndisunge zomwe ndasintha pa tsamba, pakubwera mzere wofiira wakuti "The response is not a valid JSON response", ngakhale zomwe ndasintha zikusungika ndithu. Uthenga umenewu ndinkauona kale, koma ndinkangoti ndi netiweki. Ndiyeno pa tsamba latsopano la chinkhoswe, tebulo likutuluka lopanda kanthu m'kati, pomwe la ukwati lili ndi mitengo yonse.

Nyengo ya maukwati ndi ino, anthu akufunsa mitengo tsiku ndi tsiku. Kodi ndayamba kulakwitsa pati?

Mkulu_wa_ku_Namiwawa
Lachiwiri, 10:25 usiku

Achimwene, mwafotokoza bwino, ndipo pepani ndi nkhani ya azakhali ija. Musaope kuti wina wakuberani pasiwedi. Code yanu inafufutidwa ndi update ya theme. WordPress ikamaika theme yatsopano sisankha kuti iyi ndi fayilo ya mwini theme, iyi wasintha ndi inu. Imachotsa foda yonse n'kuikapo yatsopano. Chilichonse chimene munalemba mu functions.php ya theme ya eni ake chimapita nayo. Ndipo kuyambira pa WordPress 5.5 ya mu 2020, munthu atha kulola kuti theme izidzipanga update yokha. Pitani pa Appearance, mudine theme yanuyo, ndikukhulupirira mupeza kuti auto-updates munayatsa tsiku lina n'kuiwala. Shortcode imene sinalembetsedwe ndi add_shortcode, WordPress imaiona ngati mawu wamba, n'chifukwa chake kasitomala anaona mabulaketi.

Za tebulo lothamangira pamwamba ndi uthenga wofiira uja, gwero lake ndi limodzi: echo. Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ambiri timagwa pomwepa. WordPress ikafuna kuonetsa nkhani ya pa tsamba, imayamba yaisonkhanitsa yonse, kuisanja, n'kufunafuna ma shortcode. Ikapeza imodzi imaitana function yanu n'kudikira kuti muibwezere mawu m'manja, kuti iwaike pamalo pomwe panali mabulaketi. Zonse zikatha ndi pamene imatumiza nkhaniyo kwa wowerenga. Koma echo sidikira. Imatumiza nthawi yomweyo, nkhani ina yonse ikadali m'manja mwa WordPress. Zili ngati woperekera chakudya pa ukwati wathamangira ku tebulo la akwati ndi ndiwo, nsima ikadali pamoto. Kale simunaone vutoli chifukwa, ndikuganiza, pa tsambalo panalibe china chilichonse koma shortcode yokha. Mwaika moni ndi chithunzi, ndiye zaonekera.

Uthenga wofiira nawo si netiweki. Block editor, chida cholembera masamba chomwe chinabwera ndi WordPress 5.0 mu December 2018, ikasunga tsamba imadikira yankho lochokera ku seva lolembedwa mwa JSON, kalembedwe kamene mapulogalamu amatumizirana mauthenga. Pokonza yankholo seva imayendetsanso shortcode yanu, echo n'kutaya <table> patsogolo pa JSON ija. Editor ikalandira imalephera kuwerenga, n'kudandaula, ngakhale tsamba lasungika kale.

Kukonza kwake n'kosavuta. Sonkhanitsani zonse mu variable imodzi, mzere wachiwiri pansipa ukhalebe m'kati mwa foreach, pamapeto mulembe return:

$tebulo = '<table>';
$tebulo .= '<tr><td>' . esc_html( $chakudya ) . '</td><td>K' . number_format( $mtengo ) . '</td></tr>';
$tebulo .= '</table>';
return $tebulo;

Ngati HTML ndi yambiri ndipo simukufuna kusintha mzere uliwonse, ikani ob_start(), koyambirira kwa function, ma echo asiyeni mmene alili, pomaliza mulembe return ob_get_clean(), basi. Zomwe echo ikutulutsa zimagwidwa kaye m'thumba, kenako n'kuperekedwa zonse pamodzi. Ndaikamo esc_html dala. Lero mayina a zakudya mukulemba nokha, koma mawa adzalemba wina, ndipo chizolowezi chimenechi chimateteza tsamba. Number_format ndi yoti 6500 izioneka 6,500, bola mitengo muilembe ngati manambala opanda K ndi opanda koma.

Za chinkhoswe sindinganene ndisanaone. Onetsetsani kuti mu mndandanda wanu dzinalo lalembedwa chimodzimodzi ndi la pa tsamba, chilembo ndi chilembo.

Ndirande_PHP
Lachitatu, 6:10 m'mawa

Akulu anena zoona zonse. Ine ndingowonjezera kuti achimwene musabwezerenso code mu functions.php yomweyo, chifukwa update ikubwerayo idzakololanso. Pangani child theme. Ndi foda yatsopano mu wp-content/themes, m'kati mwake style.css yokhala ndi Theme Name ndi mzere wa Template. Pa Template mulembe dzina la foda ya theme yaikuluyo ndendende, osati dzina lokongola limene limaoneka pa dashboard. Kenako functions.php yanuyanu. WordPress imawerenga ya mwana kaye kenako ya kholo, zonse ziwiri zimagwira ntchito, ndipo update sikhudza foda ya mwana.

Musathimitse ma update chifukwa cha zomwe zachitikazi. Ndinalandirapo tsamba la sukulu ina ya mkaka lomwe wolipanga anasiya kupanga update zaka zitatu poopa kutaya zomwe anasintha mu theme. Pofika kwa ine linali litadzaza ndi malinki a juga obisika pansi pa tsamba lililonse, ndipo makolo ndi amene anayamba kuona. Kuyeretsa kunanditengera sabata yathunthu.

China, pa nkhani ya mabulaketi kuoneka poyera, si nthawi zonse vuto limakhala lathu. Mu May 2023 WordPress 6.2.1 inaletsa ma shortcode m'ma template a block theme, masamba ambiri anasokonekera, mpaka anatulutsa 6.2.2 patangopita masiku ochepa. Koma zanuzi si zimenezo, poti code munaipeza itasowa.

wa_ku_Chilomoni
Lachitatu, 1:15 masana

Zikomo kwambiri akulu, zikomo achimwene a ku Ndirande. Ndikulemba pa nthawi ya nkhomaliro. Auto-updates inalidi yoyatsa. Usiku womwewo ndinasintha echo kukhala return, magetsi anazima ndili pakati, ndinamalizira pa batire ya laputopu ndi intaneti ya pa foni. Tebulo latsika, lili pansi pa chithunzi cha azakhali pomwe ndinkalifuna, ndipo mzere wofiira uja sukubweranso. Chaka chathunthu ndakhala ndikuimba mlandu netiweki pa chinthu chomwe chinali mu code yanga.

Chinkhoswe ndiye chikukanabe. Ndayerekeza dzina la mu mndandanda ndi la pa tsamba kangapo, zilembo n'zofanana, zonse zazing'ono. Ndayesa kutsegula pa foni ina poganiza kuti ndi cache, chimodzimodzi. Tsamba limenelo sindinalembe ndine. Analemba ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, ndipo analemba bwino kwambiri, anafotokoza mpaka za thobwa ndi nkhuku ya ankhoswe. Ine ndinangomuuza pa foni kuti pamapeto alembe [mitengo mwambo="chinkhoswe"].

Child theme ndiyamba madzulo ano.

Mayi_wa_ku_Sunnyside
Lachitatu, 3:50 masana

Achimwene, mufunseni msuweni wanuyo kuti analembera pati asanaike pa tsamba. Ngati ndi mu Word, vuto lanu ndi timizere tiwiri togwira mawu tija. Word imasintha timizere towongoka, " ", kukhala topindika, “ ”, kuti nkhani izioneka bwino ikasindikizidwa. Pa sikirini yaing'ono kusiyana kwake sikuoneka pokhapokha mutakulitsa. WordPress imazindikira towongoka tokha. Ikapeza topindika imatiwerenga ngati mbali ya dzina, ndiye function yanu sikulandira chinkhoswe, ikulandira “chinkhoswe” pamodzi ndi timizere take, ndipo dzina lotero mu mndandanda wanu mulibe. Mafoni ena nawonso amapinda timizereti okha polemba.

Musangokhulupirira mawu anga, dzionereni nokha. Mu wp-config.php, pamwamba pa mzere womwe umakuuzani kuti musiyire pomwepo kusintha, WP_DEBUG muiike true, muwonjezere WP_DEBUG_LOG true ndi WP_DEBUG_DISPLAY false, kuti zolakwika za code zizilembedwa mu fayilo. Yomalizayi ndi yofunika kuti makasitomala a azakhali asaone madandaulo a PHP pa tsamba. Tsegulani tsamba la chinkhoswe kamodzi, kenako muwerenge wp-content/debug.log. Mukamaliza muthimitse ndipo fayiloyo muifufute, si yosiya poyera. Komanso shortcode muziika mu Shortcode block, osati mu ndime wamba.

Koma pa za child theme ndisiyana nawo pang'ono achimwene a ku Ndirande, mundikhululukire. Child theme idzakutetezani ku update, zoona. Nanga tsiku limene azakhali adzaone tsamba la mnzawo n'kunena kuti akufuna maonekedwe ena? Mukadzasintha theme, child ija idzagona, ndipo mabulaketi adzabwerera pa masamba onse asanu ndi limodzi. Theme ndi chovala cha tsamba. Mitengo ya mbale si chovala, ndi bizinesi yeniyeniyo. Ine chilichonse chimene chiyenera kukhalapo ngakhale maonekedwe atasintha ndimachiika mu plugin, ndipo plugin si chinthu choopsa monga ambiri amaganizira. Ndi fayilo imodzi, tinene mitengo.php, mu wp-content/plugins, yoyamba motere:

<?php
/*
Plugin Name: Mitengo ya Azakhali
*/

Pansi pake function yanu ndi add_shortcode, mwamaliza. Iwoneka pa mndandanda wa ma plugin, mudina Activate. Patsogolo pa <?php pasakhale mpata kapena mzere wopanda kanthu, ndipo ?> ya kumapeto ingoisiyani osalemba. Kampata kamodzi kotsalira kunja kamabweretsa "headers already sent", ndipo munthu amatha tsiku lonse akufufuza chinthu chosaoneka ndi maso.

Ndiponso function yanu iphunzitseni chochita ikalandira dzina lomwe silili mu mndandanda. Mzere umodzi wa isset musanayambe foreach, ndipo ngati dzinalo mulibe, ibweze mawu akuti imbani foni kuti mumve mtengo. Tebulo lopanda kanthu limapangitsa kasitomala kuganiza kuti bizinesi inatsekedwa.

Ndirande_PHP
Lachitatu, 4:30 masana

Mayi, palibe chokhululukira, mwanena zoona. Shortcode ipite mu plugin. Ine child theme ndimaikondabe pa za CSS ndi ma template, ndipo achimwene adzaifuna tsiku limene adzafune kusintha mtundu wa tebulolo kapena kukula kwa zilembo. Dzina la plugin ndi la function likhale lanulanu, losafanana ndi za ena. Dzina la shortcode likafanana ndi la plugin ina, yomwe yalembetsedwa pomaliza ndi imene imagwira ntchito, ndipo WordPress sikuchenjezani.

Mkulu_wa_ku_Namiwawa
Lachitatu, 7:05 madzulo

Ndikugwirizana ndi mayi. Chenjezo langa ndi la kasamutsidwe. Function ya dzina limodzi singakhale malo awiri nthawi imodzi, PHP imakana ndi "Cannot redeclare". Ndiye yambani mwachotsa code mu functions.php, kenako mudine Activate pa plugin. Pakati apo mabulaketi aoneka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, chitani usiku anthu atagona.

Wina akuuzani za foda ya mu-plugins, momwe fayilo imagwira ntchito yokha popanda kudina Activate. Ndi yabwino, koma osati lero. Mmenemo mukalakwitsa kachizindikiro kamodzi tsamba lonse limagwa nthawi yomweyo, ndipo simungaithimitse pa dashboard. Plugin wamba WordPress imaiyesa kaye musanaiyatse, ikapeza vuto lalikulu imakana. Musanagwire fayilo iliyonse, tsegulani File Manager ya ku hosting kwanu pa tabu ina, kuti zikavuta mukhale ndi khomo lina lolowera. Ndipo onani kuti imelo ya admin ndi yomwe mumawerenga, chifukwa kuyambira pa 5.2 WordPress imatumiza kumeneko linki ya recovery mode tsamba likagwa.

wa_ku_Chilomoni
Lachinayi, 11:20 usiku

Mayi a ku Sunnyside, munalasa penipeni. Msuweni wanga analemberadi mu Word pa kompyuta ya kusukulu kwawo, n'kukopera zonse pamodzi. Ndinayatsa debug monga munanenera, ndipo mu debug.log munali mzere uwu:

Undefined array key "“chinkhoswe”"

Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Timizere tinayi kumbali ziwiri, towongoka kunja, topindika m'kati. Masiku asanu ndakhala ndikuwerenga zilembo za pakati, osayang'ana m'mphepete. Ndinafufuta shortcode yonseyo, n'kuilemba ndi zala zanga mu Shortcode block, ndipo mitengo ya chinkhoswe inatuluka pompo. Debug ndathimitsa, log ndafufuta.

Plugin nayo ndapanga. Akulu, uthenga wanu ndinauwerenga mochedwa, ndinali nditadina kale Activate code ikadali mu functions.php. WordPress inakana kuiyatsa, tsamba silinagwe, monga munanenera. Ndinachotsa ya mu theme, n'kuyesanso, inalola. Pofuna kutsimikiza ndinasintha theme kwa kanthawi kupita ku ina ya WordPress yomwe, cha m'ma 10 koloko, ndipo matebulo onse asanu ndi limodzi anali pamalo pake. Ndabwezera theme yakale, auto-updates ndaisiya yoyatsa. Mzere wa isset ndaikamo, ndayesa polemba dala mwambo="phwando" pa tsamba losasindikiza, patuluka mawu oti aimbe foni. Fayilo ya mitengo.php ndaisunga pa fulashi komanso ndadzitumizira pa imelo.

Madzulo ndinadutsa kwa azakhali. Ndinawapeza akusankha mpunga pa lichero ndi amayi awiri owathandiza, pokonzekera chinkhoswe cha Loweruka ku Chilobwe. Pa foni yawo pankaonekabe tsamba lakale mpaka titafufuta cache ya browser. Anapukuta manja pa chitenje, anawerenga tebulo mzere ndi mzere chala chili pa sikirini, n'kundiuza kuti mtengo wa mbale ya chambo ndi wa mwezi watha, ndiukweze. Ndinasintha nambala imodzi mu plugin ndili pa mpando womwewo, ndipo inasintha paliponse.

Chomwe chatsala n'chakuti mtengo ukasintha ayenerabe kudikira ine, ndipo sindikufuna kuti msuweni wanga azitsegula fayilo ya PHP. Ndikufuna kabokosi pa dashboard komwe iye angalembe manambala okha, shortcode n'kumawerenga kumeneko. Ndayamba kuwerenga za add_options_page ndi get_option. Mayi a ku Sunnyside, ngati munapangapo zotere, kodi mitengo ya miyambo yonse mumaisunga mu option imodzi, kapena mwambo uliwonse ndi yakeyake?